Mawu Otsogolera Pakhomo: Kabuku Kothandiza Kulemba Cholinga cha Moyo Wanu

Mwezi wa Meyi ukafika mavenda salephera. Amakoleka sikelo pa nthambi ya mango m'mbali mwa msewu, kachikwama ka ndalama kali m'chiuno, matumba opanda kanthu atawayala pansi. Pakhomo panu chimanga changotongoledwa kumene. Mchere watha, sopo watha, mwana akulira nsapato, foni ya bambo yakhala ikuvuta kuyambira Khirisimasi. Mumatapa ndowa imodzi. Mkuja wake ziwiri. Palibe tsiku limene munakhala pansi n'kugwirizana kuti mugulitse chakudya cha chaka chonse, komabe pofika Januwale muli kumsika kugula chimanga chomwecho mtengo utakwera, ndalama yake ili ya ganyu wa m'munda mwa eni ake, kwinaku wanu ukudyedwa ndi udzu.

Si umbuli umenewu. Aliyense amadziwa kuti chimanga chimatchipa pokolola n'kudula nthawi ya njala. Chimene chimatigwetsa n'chakuti nkhani zazikulu za moyo timazigamula tili pa phuma: wogula waima pakhomo, m'bale akudikira yankho, kapena mtima uli m'mwamba ndi ndalama zimene zangolowa m'manja. Kabuku aka kakuthandizani kumangiratu mfundo zanu mtima uli m'malo, n'kuzilemba, kuti tsiku la phuma likadzafika zidzakuyankhireni.

Mawu amenewa ndi otani

Ndi ziganizo zochepa, zosadzaza n'komwe tsamba limodzi la kope, zonena chimene mwaika patsogolo pa zonse pakhomo panu ndi zimene simungachite ngakhale zinthu zithine bwanji. Makampani ndi mabungwe amalemba zotere n'kupachika pa khoma la ofesi. Dziko lathu nalo lili ndi zake: mu Januwale 2021 boma linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, olowa m'malo mwa Vision 2020, oimikidwa pa nsanamira zitatu, zomwe ndi ulimi wa phindu ndi wa malonda, mafakitale, ndi kukula kwa mizinda. Zoti munthu payekha alembe zake zinafala kwambiri ndi buku la Stephen Covey wa ku America lotchedwa The 7 Habits of Highly Effective People, lomwe linatuluka mu 1989. Iye ankaphunzitsa kuti munthu ayambe walingalira za mathero a moyo wake, ndipo zochita za tsiku ndi tsiku zizitsata pamenepo.

Koma musazione ngati za kunja. Agogo athu ankamanga ngala za mbewu n'kuzipachika kudenga la khitchini pamene pamafika utsi, ndipo ngakhale njala ilume chotani, palibe ankazikhudza. "Pakhomo pano mbewu sitidya." Amenewo anali mawu otsogolera, kungoti sanalembedwe. Masiku ano zokopa zachuluka ndipo ndalama ikutuluka pa foni munthu ali chigonere, ndiye kusunga mfundo m'mutu mokha sikukukwanira.

Tisiyanitse ndi zinthu ziwiri zimene ambiri mukuzidziwa. Mwina munajambulapo ulendo wa masomphenya ndi alangizi a zaulimi: pamene muli lero kumunsi kwa pepala, dzuwa kumtunda, m'kati mwake nyumba ya malata, ng'ombe ziwiri, mwana atavala gauni. Amenewo ndi masomphenya, amanena kumene mukupita. Bajeti imanena za ndalama za mwezi uno kapena chaka chino. Mawu otsogolera amanena kayendedwe kake. Nyumba ya malata munthu akhoza kuipeza pogulitsa munda umene ana ake akanadzalima, kapena posiyitsa mtsikana sukulu kuti fizi igule malata. Chithunzi cha nyumba chija sichingamuletse zimenezo. Chomuletsa ndi mawu amene iye mwini analemba.

Khalani pansi liti, ndipo ndi yani

Sankhani nthawi ya mtendere. Osati mu Febuluwale m'mimba muli pululu, osati mutangokangana, osati sabata ya maliro, komanso osati wina atalawako. Nthawi yabwino ndi pamene ndalama zatsala pang'ono kubwera koma sizinafike m'manja: musanakolole chimanga, soya kapena mtedza, kapena, kwa alimi a fodya, mabelo asanapite ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma kapena Mzuzu. Lamulungu masana, mutadya, pa mphasa, n'zokwanira. Chofunika ndi kope latsopano ndi cholembera. Amene sadziwa kulemba ajambule, kapena alankhule mwana amujambule mawu pa foni.

Pakhale bambo, mayi, ana osinkhuka ndi agogo ngati mukukhala nawo. Ayambe kulankhula ndi wamng'ono, bambo amalize. Ndikutero chifukwa bambo akayamba, otsatira onse amangoti "zoonadi", ndipo chimene chimalembedwa ndi maganizo a munthu mmodzi osainidwa ndi anthu asanu.

Ine ndinaziona kwathu. Ndinakhala pamphasa mutu wanga uli pa njinga yamoto ya kabaza, nditawerengera kale phindu lake. Mayi a kunyumba anandimvetsera mpaka ndinatha, kenako anati, "Bambo, ine chimene chimandisowetsa tulo si njinga ayi. Ndi tsiku lija munthu wa katapila anabwera kudzatenga matiresi ana akuona." Ngongole imeneyo ndinatenga osawauza. Panali patatha zaka ziwiri, ine nditaiwala, iwo akuisenzabe mumtima. Chiganizo choyamba m'kope lathu chinachokera pamenepo, ndipo sindikanachiganiza ndekha.

Mafunso odzutsa nkhani

Musayambe ndi kufunsa kuti "cholinga chathu n'chiyani?" Funso limenelo limabala mayankho a pa guwa. Yambani ndi zimene zinachitikadi.

Funsanani kuti chaka chathachi ndi tsiku liti limene aliyense ananyadira kukhala wa pakhomo pano, ndi tsiku liti limene anachita manyazi kapena kunong'oneza bondo. Lembani mayankho onse osatsutsa. Mwana akati anachita manyazi tsiku limene anabwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu yong'ambika, musamuuze kuti n'zazing'ono.

Kenako tsatani ndalama. Tsegulani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, onani kabuku ka banki mkhonde, kumbukirani zimene munagula mutagulitsa zokolola. Pakamwa tonse timati sukulu ya ana ndiyo yoyamba, koma ndalama zimaulula chimene chinalidi choyamba. Mwina ndi kubetcha mpira, mwina ndi zitenje za yunifolomu pa chinkhoswe chilichonse, mwina ndi bawo. Apa pamafunika kudekha, chifukwa cholinga si kupeza wolakwa. Bambo atchule zawo, mayi atchule zawo, aliyense za iye mwini.

Funso lachitatu ndi lolemera, ndipo ndimapempha kuti aliyense akaliganizire yekha usiku. Pa maliro athu pamawerengedwa mbiri ya malemu, koma ija imakhala yokonzedwa. Mbiri yeniyeni imakambidwa ndi adzukulu kumanda akukumba, ndi amayi kuseri akupakula nsima. Inu mukufuna amenewo adzanene chiyani? Kuti anali ndi galimoto? Kuti pakhomo pake mwana wamasiye sankagona ndi njala? Kuti sanadyepo ndalama ya gulu ngakhale anali msungichuma zaka khumi? Chimene chakukhudzani mtima pamenepo ndicho mutu wa mawu anu.

Pomaliza, tchulani zinthu zimene simungachite ngakhale zitavuta. Zisachuluke. Zitatu kapena zinayi zimene mungaziikire kumbuyo ndi mtima wonse zimaposa khumi zongokometsera.

Kulemba kwake

Mabanja ambiri poyamba amalemba motere: "Banja lathu likhale lotukuka, loopa Mulungu ndi lokondana." Mawu abwino ndithu, palibe angawatsutse. Koma venda uja akaima pakhomo, mawu amenewa akuuzani chiyani? Kugulitsa ndi chitukuko, kusunga nakonso ndi chitukuko. Muyeso wa chiganizo chilichonse ukhale uwu: kodi chikukana chiyani? Chiganizo chimene sichikana kanthu sichingakutsogolereni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi, lolima chimanga ndi soya, mayi akugulitsanso mandasi. Litakambirana, likhoza kulemba chonchi:

"Ife tikukhalira kulera ana odziimira paokha ndi oopa Mulungu. Chakudya cha chaka chonse sitigulitsa, timagulitsa chotsala. Mwana aliyense, wamkazi ndi wamwamuna, afika Fomu 4, ndipo palibe akwatiwe kapena kukwatira ali pa sukulu. Ngongole timatenga ya ulimi ndi bizinesi basi, ku banki mkhonde, tonse awiri tikudziwa, katapila ayi. Ndalama yoposa mtengo wa thumba limodzi la chimanga siituluka tisanakambirane. Pakhomo pano sitimenyana. Munda sitigulitsa."

Onani kuti mzere woyamba ukunena chifukwa chake, ndipo mizere yotsatira ikuteteza chifukwa chimenecho. Popanda mzere woyamba, zimangokhala malamulo ouma amene ana amawathawa akangokula. Popanda mizere yotsatira, umangokhala ulaliki.

"Chakudya cha chaka chonse" chikhale ndi nambala yodziwika. Werengani masabata amene thumba la makilogalamu 50 limatha pakhomo panu. Ngati limatha mwezi umodzi, mufunika matumba 12, muonjezepo awiri a alendo ndi maliro. Ngati limatha masabata atatu, mufunika 18. Matumba amenewo athireni mankhwala kapena asungeni m'matumba osalowa mpweya aja a PICS, muwalembe chizindikiro ndi makala, muwaunjike padera. Chimene chili kunja kwa mulu umenewo ndicho cha msika.

Mwaona kuti malire a ndalama m'chitsanzomo ayezedwa ndi thumba la chimanga, osati ndi makwacha. Mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nambala ya makwacha imene mungalembe lero idzakhala yopanda tanthauzo posachedwa, pamene thumba la chimanga, nkhuku kapena mbuzi aliyense amadziwa kulemera kwake chaka chilichonse.

Za ukwati wa ana, lamulo lili kumbali yanu: kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Komabe lembani m'kope lanu, chifukwa tsiku limene mwamuna wa ndalama adzatumize ankhoswe chaka cha njala, wapolisi sadzakhala pakhomo. Padzakhala inu ndi zimene munalonjezana.

Lembani m'chilankhulo chimene mumalankhula pa nsima, mawu ake oti mwana wa Sitandade 5 awanene pamtima. Ngati chipembedzo chili pa mtima panu, chilowemo momveka: tsiku la mapemphero, kaya ndi Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu, ndi chopereka chimene mumapatula. Musakopere za banja lina. Mzere wakuti "munda sitigulitsa" ndi wa moyo kwa wa kumudzi, koma wa lendi ku Ndirande kapena ku Area 25 mwina wake ndi wakuti ndalama ya lendi ndi mpamba wa bizinesi sizisakanizidwa.

Nkhani ya achibale

Apa ndi pamene mawu ambiri otsogolera amafera, ndiye tichedwepo. Mabuku a kunja amalemba ngati munthu ali yekha ndi zofuna zake. Kwathu kuno munthu ali ndi malume, alongo, adzukulu, apongozi, mudzi ndi mpingo. Kukagwa maliro mutapa ufa. Mwana wa mlongo wanu akasankhidwa kupita ku sekondale, maso onse ali pa inu a mwinimbumba. Pali ziliza, pali zinkhoswe, pali odwala. Zimenezi si zosokoneza moyo wanu. Ndi moyo wanu umene, ndipo tsiku lina amene adzasenze bokosi lanu ndi omwewo.

Choncho musalembe mawu onyalanyaza achibale, chifukwa mudzawaphwanya sabata yoyamba. Musasiyenso nkhaniyi osailemba, chifukwa ndi imene imagwetsa mabanja: mwamuna kutumiza kwawo mobisa, mkazi naye kutapa chimanga cha kwa amayi ake mobisa, aliyense akuona mnzake ngati wakuba. Lembani poyera. Mwachitsanzo: "Pa matumba khumi alionse, limodzi ndi la achibale a mbali zonse ziwiri. Matenda ndi maliro timathamangira. Za chisangalalo timapereka zimene tili nazo, sitikongolera." Mukatero mwakhala opatsa mwadala, osati olandidwa.

Ubwino wake umaoneka tsiku la pempho. Mlamu wanu wafika m'mawa, mwapatsana moni, mwamwa tiyi, kenako akuti akufuna mumubwereke ndalama ya feteleza imene mwasunga, adzabweza akagulitsa nkhumba. Kale mukanachita manyazi n'kupereka, kapena kunama kuti mulibe, iye akudziwa kuti mukunama. Tsopano mukhoza kunena zoona: "Alamu, vuto lanu ndalimva ndipo landikhudza. Ya feteleza ija tinapangana ndi achemwali anu kuti sitiikhudza. Koma pali imene tinapatulira achibale, dikirani tikambirane, madzulo mumva." Simunamunyoze, simunaname, ndipo feteleza wanu ali pomwepo. Mwina akwiya masiku angapo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chenjezo limodzi: musaloze mnzanu chala kuti "akukana ndi mayiwa" kapena "abambowa ndi ouma manja". Nenani kuti "tinapangana". Mukakankhira mnzanu, mwamudanitsa ndi abale anu moyo wake wonse.

Kwa amene ali yekha

Mnyamata kapena mtsikana amene walemba MSCE, mayi amene akulera ana yekha, kapena m'bale amene ali ku Joni akhozanso kulemba zake, ndipo mwina ndi amene akuzifuna kwambiri chifukwa alibe womufunsa madzulo. Wa ku Joni alembe chimene anapitira ndi chizindikiro choti chakwanira: nyumba ikafika pa denga, kapena mpamba wa golosale ukakwana. Ambiri anapita kukagwira ntchito zaka ziwiri n'kutchona chifukwa sananene kuti "zokwanira" n'zingati. Wachinyamata alembe ntchito zimene sangagwire ngakhale zilipire bwanji, ndi khalidwe la munthu amene angamange naye banja. Mukalemba, muwerengereni munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira ndipo saopa kukudzudzulani, mumupatse chilolezo chodzakukumbutsani.

Kugwiritsa ntchito

Kope lisakalowe pansi pa sutikesi. Koperani mawuwo pa pepala lolimba, mulikute ndi pulasitiki, mulipachike kuchipinda kapena kuseri kwa chitseko, pamene maso anu amafika koma alendo sawerenga.

Nkhani yaikulu ikabwera, kaya ndi ya kugula, kugulitsa, kukongola, kusamuka kapena kusiya ntchito, musayankhe tsiku lomwelo. Gonerani. Werengani mawu anu mokweza muli awiri, n'kufunsa ngati chinthuchi chikuphwanya mzere wina uliwonse. Chikaphwanya, nkhani yatha, ngakhale chikome bwanji. Chikapanda kuphwanya, funsani ngati chikukufikitsani pafupi ndi mzere woyamba uja kapena chikungokusangalatsani. Amene akukuumirizani kuti muyankhe lero lomwe, akuti mwayi utha, kawirikawiri ndi amene akudziwa kuti mukagonera mukana. Amene amalonjeza kuchulukitsa ndalama m'masiku ochepa amagwira anthu ndi phuma lomweli.

Ana azimva mukuwagwiritsa ntchito. Mwana akamva bambo ake akunena kuti "ndimafuna wailesi ija, koma ndiye kuti tikhudza chimanga cha chaka, ndasiya", waphunzira zimene palibe sukulu ingamuphunzitse.

Zinthu zikasokonekera

Pali zaka zimene palibe pepala lingaziletse. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba, minda ndi miyoyo ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa, Nsanje ndi madera ena a kummwera. Pali chilala, pali mbozi zowononga chimanga, pali matenda. Pa nthawi zotere mawu otsogolera ali ndi ntchito ina: amakuuzani choyamba kutaya ndi chomaliza kutaya. N'chifukwa chake ndi bwino kulemberatu kuseri kwa tsambalo mndandanda wa zogulitsa pa tsoka. Ziyambe nkhuku, kenako mbuzi, kenako wailesi kapena njinga ngati si yopezera ndalama. Zipangizo zogwirira ntchito zikhale kumapeto, munda ndi sukulu ya ana kumapeto kwenikweni. Munthu ali pa mantha amagulitsa chimene chili ndi wogula pafupi, ndipo nthawi zambiri chimenecho chimakhala munda.

Lembaninso momveka kuti moyo wa munthu uli pamwamba pa mzere wina uliwonse. Mwana akadwala usiku, thumba la chimanga ligulitsidwe apite kuchipatala. Pamenepo simunaphwanye mawu anu, mwawasunga.

Tsiku lina mmodzi wa inu adzalakwitsa. Adzatenga ngongole mobisa, kapena adzatapa pa mulu woletsedwa. Pepala lija lisasanduke chikwapu chokwapulira mnzanu pa mkangano uliwonse, chifukwa likatero adzaling'amba. Wolakwayo anene yekha chimene chinachitika, mugwirizane kabwezedwe kake, mufunsenso ngati mzerewo unali wotheka kuusunga. Zikakanika awiri, ankhoswe alipo. Koma nkhanza n'zina: kumenya si kuphwanya pangano la m'kope kokha, ndi mlandu, ndipo womenyedwa ali ndi ufulu wopita kwa amfumu, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kapena kupolisi ku nthambi yothandiza ozunzidwa.

Dziwaninso kuti mawu otsogolera si wilo. Ngati mumalemba kuti munda ndi nyumba ndi za ana, zimenezo zikufunika wilo yolembedwa mwa lamulo, yosainidwa pamaso pa mboni. Lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana, koma wilo imachepetsa mikangano isanayambe.

Kubwereza chaka ndi chaka

Mukamaliza kulemba, ikani deti, aliyense asaine kapena adinde chala, ana omwe. Sankhani tsiku limodzi pa chaka lowerenganso, makamaka nyengo yomweyo musanakolole. Pa tsikulo werengani mzere uliwonse n'kufunsa kuti chaka chino unakuthandizani kukana chiyani. Mzere umene sunagwirepo ntchito zaka ziwiri mwina ndi wongokongoletsa, uchotseni. Nkhani imene yakukanganitsani kawiri kapena katatu koma mulibe m'kopemo, ilowemo.

Mzere woyamba usamasinthidwe wamba. Ina ija idzasintha ndi moyo: ana akamaliza sukulu, mzere wa Fomu 4 udzapereka malo kwa wa ukalamba wanu kapena wa zidzukulu. Posintha musafufute zakale kapena kung'amba tsamba. Tembenuzani, lembani deti latsopano pamwamba, muyambirenso pamenepo.